Waya Wodutsa M'denga la Esnat

Kuyambira ku Mauwa mpaka ku Nguludi, mukafunsa za a Silvesta Levi anthu ena amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukangoti a Milimita, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa pamsewu akulozerani njira. Dzinali linabwera chifukwa cha kachingwe komwe amayenda nako m'thumba la ovolosi. Pakachingwepo anamangirirapo tizidutswa tisanu ta mawaya a magetsi, kuyambira kowonda ngati kamtengo ka machesi mpaka konenepa ngati pensulo. Akakhala pansi amatiseweretsa ndi zala kamodzikamodzi, moti tsiku lina akatekisiti anawafunsa ngati kwabwera korona watsopano.

Kwawo ndi ku Kadewere. Sukulu analekera Sitandade 7 bambo awo atamwalira, n'kuyamba kuponda matope a njerwa. Atakula anapita ku Limbe kukasenza mchenga pa nyumba ina yosanja, ndipo kumeneko ndi komwe anakumana ndi a Abbas, Myao wa ku Mbulumbuzi, mmisiri wa magetsi wosakonda zoyankhulayankhula. A Abbas ankaphunzitsa mwanjira yawoyawo. Ankakupatsa waya m'manja, n'kunena kuti tsinzina, undiuze ndi wa mamilimita angati. Ukalakwa sankakalipa, ankangokupatsanso wina. A Silvesta anayenda nawo zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka anakalemba mayeso a umisiri n'kutenga pepala lawo. Tsiku losiyana, a Abbas anadula tizidutswa tija, kutimanga pachingwe, n'kuwauza kuti, "Waya salira, mwanangu. Ukamusenzetsa katundu woposa msinkhu wake amangotentha chamumtima. Iwe uzimumvera chisoni asanapse."

Atabwerera kumudzi anakwatira Bernadetta, mwana woyamba wa a Falesi Kalinde, n'kumanga kuchikamwini, m'mudzi wina kufupi ndi Mauwa. A Falesi ndi mayi wa geni ya tomato, wa mawu aakulu, ndipo ana awo aakazi atatu, Bernadetta, Angela ndi Esnat, onse anamanga mozungulira nyumba yawo. Pakhomo pamenepo mchere ukamuthera wina sapita kugolosale, amangoitana mnzake pawindo. A Silvesta ndi mkamwini wachikale. Akakumana ndi apongozi awo panjira amapatuka, kuvula chipewa, maso kutchire. M'nyumba ya a Falesi salowa asanaitanidwe, ndipo mawu onse a pakati pawo amadzera mwa Bernadetta.

Mapolo a magetsi atafika m'mudzimo, nyumba ya a Falesi ndiyo inayamba kulandira mita, poti ndi yamalata komanso ili pafupi ndi msewu. Anayala mawaya ndi a Silvesta omwewo: wa 1.5 wa mababu, wa 2.5 wa masoketi, ndi kabokosi ka mabuleka pakhoma, aja amazimitsa okha magetsi zinthu zikachuluka pawaya. Nyumba zitatu zinazo anati zidikire mamita awo. Ngakhale ya a Silvesta eni ake inkadalira kasola kakang'ono ka babu limodzi, ndipo asanakagule anthu ankawaseka kuti mmisiri wa magetsi amadya mgonero ndi tochi ya foni.

Kenako anapeza ntchito ya miyezi inayi ku Mulanje. Zinthu zinasokonekera kumbuyo kwawoko, ndipo chomwe chinazisokoneza ndi kukondana komweko kwa pakhomopo.

"Ine ndiziwala ndekha ngati sitolo, ana anga ali mumdima?" anatero a Falesi tsiku lina akusankha tomato pakhonde. "Kale tinkapalana moto pakhomo pano. Lero moto wabwera wa m'waya ndiye tiyambe kumanana?"

Amene anadzipereka ndi Denis, mwamuna wa Esnat, wa kabaza wa njinga yamoto, munthu wanthabwala, wa manja osakhazikika. Wailesi ikafa amaitsegula, ndipo nthawi zina imadzukadi. Mawa lake anabwera kuchokera ku Limbe ndi mpukutu wa kawaya kopotana, kofiira ndi kakuda, kaja amalumikizira masipika. Anakalowetsa m'soketi ya kuseri kwa kabati ya a Falesi, kukakweza mumtengo wa mango, kukalowetsa m'denga la udzu la nyumba yake ndi Esnat, poti ndiyo inali pafupi. Kanayenda motsata phaso, pamwamba penipeni pa chipinda chogona, n'kutulukira mbali inayo kupita kwa Angela, kuchoka apo kwa Bernadetta. Molumikiza monse anakulunga ndi majumbo a shuga. Madzulo ake nyumba zonse zinayi zinayaka, a Falesi anaimba nthungululu, Denis n'kumayendayenda pabwalo manja ali kumbuyo ngati phungu.

Mwezi woyamba kunalibe vuto, chifukwa anali mababu ndi kutchaja mafoni basi. Koma munthu ukamaona soketi pakhoma tsiku ndi tsiku, mtima suugwira. Angela anagula hotipuleti. Bernadetta, amake Chipiliro, anatulutsa simbi yamagetsi yomwe analandira paukwati, yomwe inakhala m'katoni zaka khumi. Esnat anachira mwana wamwamuna mu Meyi, ndipo chisanu cha Juni chitayamba Denis anamugulira ketulo yotenthetsera madzi osambitsa khandalo. Buleka ya kwa a Falesi inayamba kugwa tsiku lililonse. Denis anaiyang'ana, anaona palembedwa 20, anati ndi yofooka, n'kukagula yolembedwa 40. Sinagwenso, ndipo anthu anamuyamikiranso kachiwiri.

Esnat ndiye anali woyamba kumva fungo. Linkabwera masana kapena dzuwa likapendeka, ngati wina akuwotcha jumbo. Anayang'ana pambaula, anazungulira kudzala, anakalipira ana a Angela kuti akusewera ndi moto, koma sanapeze kanthu. Anaonanso kuti achemwali ake akayatsa hotipuleti, babu la m'chipinda mwake limafiira ngati likufuna kugona. Atamuuza Denis, iye anangoti, "Ndi magetsi a masiku ano, amafika atatopa." Esnat anakhulupirira, poti iye za magetsi ankangodziwa kukanikiza swichi. Mphasa ya mwana inali pansi penipeni pa wayayo.

A Silvesta anabwerako Lachinayi, kutatsala masiku atatu kuti khandalo likabatizidwe ku Nguludi. Esnat ankayanika matewera pomwe anawaona akutsika panjinga. Sanafike ndi pakhonde pawo pomwe. Anaima pansi pa mango, chikwama chili kumsana, nkhope ili m'mwamba, kutsata kawaya kaja ndi maso kuyambira kwa a Falesi mpaka kwawo. Asanamwe ndi madzi omwe, anazula zonse za m'masoketi a nyumba yawo n'kuuza Bernadetta kuti zisabwererenso. Bernadetta anadandaula mpaka mawu ake anamveka kwa Esnat, ndipo simbi ija inangosamukira kwa Angela.

Lachisanu chakumasana anabwera kudzaona mwana. Anakhala pakampando pakhonde, Esnat n'kuwapatsira khandalo.

"Ameneyu ndiye Augustine? Mphuno watenga ya Denis. Pepani alamu."

Esnat anaseka. Koma anaona kuti a Silvesta akununkhiza, nkhope atatembenuzira kukhomo.

"Alamu, fungoli linayamba liti?"

"Nanunso mwalimva? Ine ndimayesa ndayamba kupenga."

Anamubwezera mwana uja n'kutulutsa kachingwe kawo. "Tagwirani aka. Aka ndi ka 1.5, ka mababu. Kamanyamula maampu ngati 15. Ampu ndi muyeso wa magetsi omwe akudutsa m'waya, monga timayezera chimanga ndi ndowa. Aka ndi ka 2.5, ka masoketi, maampu 20 kapena kuposerako pang'ono. Aka konenepaka ndi ka 6, ka kuka wamkulu, kamapirira pafupifupi 40. Tsopano onani aka."

Kanali kachidutswa ka waya wa Denis, komwe anatola kuseri kwa nyumba. Anakasenda ndi mpeni. Pulasitiki inali yambiri, koma mkati munali titsitsi towerengeka.

"Sitiyeza chovala, timayeza nyama ya mkati. Aka sikafika ndi pa 1 pomwe. Kakanakhala ka kopa weniweni kakananyamula maampu 6." Anapala titsitsito ndi mpeni, kufiira kunachoka, kunatsala kuyera. "Si kopanso uyu, anangomupaka. Ndiye ndi 6 yemweyo sitingamudalire. Tandipatsani ketulo yanu."

Anaitembenuza n'kumuonetsa kachizindikiro ka pansi pake, polembedwa 2000W.

"Chitsulo chilichonse chimadzinenera chokha chakudya chake, anthu sawerenga chabe. Awa ndi mawati. Mawati 1000 alionse ndi maampu ngati anayi ndi theka. Ndiye ketulo yanuyi?"

Esnat analekera Sitandade 8, koma samu za kumsika wa tomato anakulira momwemo. "Naini."

"Hotipuleti ya alamu a Angela ndi chimodzimodzi."

"Eyitini."

"Simbi ya amake Chipiliro, tiyike faifi."

"Twente fili."

"Pa kawaya kosafika sikisi. Nanga zonsezo zimadutsa pati zisanafike kwa eniake?"

Esnat anatembenuka n'kusuzumira m'nyumba, maso kudenga. Apa m'pamene anamvetsa kuti poti nyumba yake ndiyo yoyamba, chakudya cha hotipuleti ya Angela ndi cha simbi chomwe chimadutsa kaye pamwamba pa mphasa ya mwana wake.

"Panja mphepo imakaziziritsa," anapitiriza a Silvesta motsitsa mawu. "M'udzu kutentha kulibe kothawira. Ndiye molumikiza muja mwakulungidwa majumbo ndimo mumayambira. Buleka ya 20 ija ngakhale inali yaikulu kwa kawaya aka, inkayesako. Siinali yofooka ayi. Inkanena zoona, inu n'kuichotsa ntchito."

Nthawi yomweyo njinga ya Denis inalowa pabwalo, akubwera kudzadya.

"A Milimita afika! Achimwene, mwaona? Miyezi inayi mulibe, mudzi wawala. Zaka ziwiri chibwerereni magetsi mulipo, tochi."

"Mwagwira ntchito achimwene, mtunda wake ndi wautali. Koma wayayu ndi wa masipika."

"Masipika sadya magetsi?"

"Njinga yanuyi mumakweza anthu angati?"

"Awiri. Atatu apolisi akapita kukadya."

"Mutakweza asanu ndi thumba la simenti?"

"Ikhoza kuyenda. Simukuidziwa bwino."

"Ikhoza kuyenda ndithu. Mpaka tsiku lomwe mudzakumane ndi chitsetsereko."

Denis anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. "Miyezi itatu yakwana, chapsa n'chiyani? Lamulungu kukubwera abale anga a ku Namitambo. Ndinawauza kale kuti kuchikamwini kwanga kuli magetsi. Mukufuna adzandipeze ndi koloboyi?"

Nkhani inapita kwa a Falesi kudzera mwa Bernadetta, ndipo yankho linabwera msanga. "Amayi akuti wayayo asakhudzidwe mpaka ubatizo utatha. Akuti akamwini awiri akafuna kupikisana nzeru akapikisanirane kumunda." Angela naye anaponyapo ake, kuti munthu wasukulu ya magetsi zamupweteka kuti wakabaza wamuposa.

A Silvesta sakanatha kukazimitsa okha. Soketi ndi swichi zinali m'nyumba ya apongozi awo, momwe iwo salowa asanaitanidwe. Dzuwa litapendeka anamupeza Esnat akuanula matewera, anaima chapatali n'kuyankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu, ine pakhomo pano mphamvu ndilibe, koma nyumbayo ndi yanu ndipo amayiwo ndi anu. Usiku zitsulo zimakhala zozima, palibe chovuta. Koma mawa aliyense asita, aliyense aphika. Mwana asagone m'nyumbamo masana. Mukamva fungo, mutenge kandulo muigunditse pawayayo pomwe walowera m'denga. Dzanja ayi, kandulo. Zomwe muonezo zikakuopsani, swichi yaikulu ili kumanja m'kabokosi muja, mungoitsitsa. Ine mawa sindichoka."

Esnat anatsala ndi mitima iwiri. Denis sanali munthu woipa. Waya uja anakoka pofuna kusangalatsa apongozi, ketulo anagula poona mkazi wake akuvutika ndi makala m'mamawa kukuzizira. Kumuchititsa manyazi pamaso pa abale ake kunali kumulakwira. Komanso samu ija inakana kuchoka m'mutu mwake. Naini, eyitini, twente fili.

Loweruka Denis analawirira ku Limbe kukatenga zakumwa. A Silvesta anali ndi ntchito ku sitolo ina ku Mauwa, koma anaimba foni kuti abwera Lolemba. Anatulutsa makwerero awo, kuwagoneka pansi pa mango, n'kuyamba kuwakonza, chonsecho Esnat sanaone pomwe anathyoka. Pambali pawo panali ndowa ziwiri za mchenga.

Esnat anaganiza zosayatsa ketulo tsiku limenelo, kuti katundu achepeko. Koma isanakwane 2 koloko Angela anafika pakhomo.

"Tandibwereka ketulo, alendo a kwa bambo ayamba kufika, akufuna tiyi."

"Achemwali, alamu anati tisayatse zonse nthawi imodzi."

"Iwenso walowa mpingo wa a Milimita? Ubatizo ndi wa mwana wako, ine ndikukuvutikira. Bweretsa."

Pakhomo pamenepo munthu sakaniza m'bale wake chiwiya. Ketulo inapita. Kwa Angela hotipuleti inali kale pamoto ndi mafuta a mandasi, ndipo simbi inkayenda pa mayunifolomu a amayi a mpingo, mulu wonse. Posakhalitsa fungo lija linabwera, lamphamvu kuposa masiku onse, mpaka kukanda kukhosi.

Esnat anamasula mwana kumsana n'kukamusiya m'manja mwa Bernadetta. Anabwerera m'nyumba kufunafuna kandulo. Chibwerereni magetsi munalibenso ngakhale kachidutswa. Inalipo imodzi yokha, yoyera, yaitali, yokulungidwa m'pepala: kandulo ya ubatizo, yomwe anakagula ku mishoni. Anaigwira kanthawi akuchita mantha kuti mwina n'kulakwa. Kenako anagudubuza mtondo, kuwuvundikira, kukwerapo, n'kugunditsa kanduloyo pawaya.

Sanakanikize n'komwe. Waya analowa yekha m'kandulo ngati mpeni m'papaya lakupsa, phula lotentha n'kumudonthera padzanja. Pomwe maso ake anazolowera mdima wa kudenga, anaona pulasitiki ya wayayo ikunyezimira ngati yanyowa. Polumikiza paja jumbo linali litakwinyika n'kuda, udzu wozungulira uli bii, ndipo kautsi kowonda ngati ulusi kankakwera pang'onopang'ono.

Anatsika, kutuluka, kuthamanga kudutsa pabwalo, kuwadutsa amayi ake omwe ankasosola nkhuku pakhonde, kulowa m'nyumba n'kutsitsa swichi ya kumanja. Wailesi inaduka pakati pa nyimbo.

"Wazimitsa ndani?" anafuula Angela ali kwawo.

"Ndine," anayankha Esnat ataima pakhomo. "Alamu, makwerero."

A Silvesta anali atanyamuka kale, makwerero paphewa, ndowa kumanja. Anakwera, kudula waya uja mbali zonse ziwiri, n'kuyamba kusolola udzu ndi manja. Wina unatuluka wofiirira, wina wakuda, ndipo chakumkati kunatuluka kamtolo komwe kanali kale ndi moto wonyeka chamumtima. Mphepo itangokawomba kanayaka. Anakaponya pansi n'kukakwirira ndi mchenga. Anasololabe mpaka anafika pa udzu wozizira, denga n'kutsala ndi chibowo choti mbuzi n'kulowapo.

Esnat anatola udzu wakuda uja, kuwuika m'mbale pamodzi ndi kandulo, n'kukagwada pamaso pa amayi ake. A Falesi anali atakonzeka kale kukalipa, nkhuku ili m'manja. Anayang'ana m'mbalemo, anatola udzu pang'ono n'kuwufikisa ndi zala. Unasanduka phulusa.

"Izi zachokera pati?"

"Pamwamba pa mphasa ya Augustine."

A Falesi anaika nkhuku pansi. Angela, yemwe anabwera ndi chipande m'manja kudzafunsa za mandasi ake, anaona mbaleyo n'kubisa chipandecho kumbuyo.

Kenako a Falesi anatembenukira kukhoma. A Silvesta ananjuta pakona pa nyumba, chipewa chili m'manja, Bernadetta n'kuima pakati pawo mwana ali pachifuwa.

"Uwafunse abambo a Chipiliro," anatero a Falesi, "nanga ana anga akhale mumdima? Ine ndizidya ndekha magetsi?"

"Amayi akuti..."

"Awuzeni amayi kuti kugawana sikunalakwike," anayankha a Silvesta akuyang'ana chipewa chawo. "Njira yodutsamo ndiyo inachepa. Lero simbi ndi hotipuleti zibwere kuno, m'khoma muno muli waya wa 2.5. Ziwiri nthawi imodzi, ketulo izidikira mnzake amalize. Ndipo buleka ya 40 ichoke lero lomwe, chifukwa ikuika pangozi ndi nyumba ino yomwe."

"Akuti kugawana..."

"Ndamva, ndili ndi makutu," anatero a Falesi. "Uwauze alowe m'nyumbamo. Asamanjute panja ngati wodzagula tomato."

Denis anafika dzuwa likadalipo, makireti awiri atamangirira kumbuyo. Anaona waya wake ali pansi, chibowo padenga, nkhope yake n'kusintha. Asanatsegule pakamwa Esnat anamupatsa kandulo ija. Anayang'ana mzere wakuya womwe waya anasiya, analowa m'nyumba, anaima pamphasa ya mwana pomwe panali patagwera phulusa, n'kuyang'ana kumwamba kudzera pachibowo. Anatuluka alibe nthabwala ngakhale imodzi. Amayi onse anali pabwalo, maso ali pa iye.

"Achimwene," anaitana a Silvesta ali pakhomo pa a Falesi, "buleka ya 20 ija munataya?"

"Ili pansi pa mpando wa njinga."

"Mwachita bwino kusunga, ambiri amataya. Tabwerani nayo mudzandithandize kumanga, ine maso ayamba kuchepa."

Esnat ankadziwa kuti munthu amene anaona kawaya m'masamba a mango asanatsitse n'chikwama chomwe, maso ake sanachepe. Amuna awiriwo anakhalitsa m'nyumbamo, ndipo potuluka Denis anali atagwira kachingwe kaja, akufunsa kuti ka 4 ndi ka chiyani.

Madzulo amenewo anasita mosinthana pakhonde pa a Falesi, mandasi anamalizikira pomwepo, a Silvesta n'kutseka chibowo chija ndi pepala la pulasitiki. Lamulungu ku Nguludi, pomwe makandulo a ana obatizidwa ankayatsidwa, akatekisiti anaitembenuza ya Augustine n'kunong'ona kuti, "Mbewa zakwanu zimadya mwaluso." Esnat anangomwetulira. Abale a Denis a ku Namitambo anadya, anavina, n'kunyamuka dzuwa lisanalowe. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za mababu.

Patapita masabata atatu Denis anakumba ngalande kuchokera kunyumba ya a Falesi kukafika kukhitchini yawo ya njerwa. A Silvesta anayalamo paipi, m'paipimo waya wa 6, wa kopa weniweni yemwe anamupala kaye ndi mpeni m'sitolo momwemo, ndi buleka yakeyake. M'khitchinimo ndimo ana atatu a a Falesi amaphikira ndi kusitira tsopano, n'kumakangana kuti ayambe ndani. Angela amadandaulabe kuti ndi kutali ndipo mvula ikamagwa amanyowa. Denis akamakweza anthu amawauza kuti khitchini ija tinakonza ndi achimwene, ndipo a Silvesta akamva amangovomera kuti n'zoona, ngalande anakumba yowongoka.

Mamita a nyumba zitatu zija sanabwerebe. Sabata ya ubatizo yomweyo a Silvesta anachotsa kasola kawo kaja padenga n'kukakhoma kwa Esnat, ati poti kuli khanda. Bernadetta anayankhula ndithu, koma sanakane. Ndiye mmisiri wa magetsi anabwerera kudya mgonero ndi tochi ya foni, ndipo anthu anayambiranso kuwaseka.

Esnat masiku ano chitsulo chilichonse chikalowa pakhomopo amayamba wachitembenuza n'kuwerenga pansi pake. Kandulo ija ili m'sutikesi, yokulungidwa m'pepala lake lomwe lija. Padenga pake pali chigamba cha udzu watsopano, woyererako kuposa unzake, ndipo akamagoneka Augustine masana maso ake amapita pomwepo okha.

Nandolo zake zitayamba kukhwima, zoyamba anathyola lichero lodzaza n'kupita nalo kwa Bernadetta. Anawapeza a Silvesta ali pakhonde, akuseweretsa kachingwe kawo. Anagwada, kuika licherolo pafupi ndi mapazi awo, koma mawu omwe anakonza njira yonse anamuthawa.

"Alamu, ine sindidziwa kuti ndinene bwanji."

"Swichi munatsitsa ndi inu," anatero a Silvesta. "Ine tsiku lija ndinkangokonza makwerero."

Anatola nandolo imodzi, kuisenda, n'kufunsa ngati babu la kasola likuwalabe bwino kuchipinda kwa mwana.